Nyumba Imodzi, Ngongole Zitatu: Lipoti la Kugawa Chuma cha Banja ku Lilongwe

Lipoti ili ndi la banja lina la mumzinda wa Lilongwe limene linatha mu 2023. Ndinaimira mayi wa m'banjamo ngati loya kuyambira pamene ukwati unali usanathetsedwe kukhoti mpaka pamene mgwirizano wogawana chuma unayamba kutsatidwa. Chimene chandichititsa kulemba ndi mbali ya ngongole, chifukwa milandu yambiri yamtunduwu imathera pa nyumba, mipando ndi ziwiya, ngongole nkungotchulidwa mongodutsa, chonsecho ndi ngongoleyo imene imatsala ikulondola munthu khoti litatseka kale fayilo. Mayina ndi zonse zimene zingawazindikiritse anthuwa ndazisiya.

Awiriwa anamanga banja mu 2016 pa chinkhoswe chimene chinachitikira kwawo kwa mkazi, m'mudzi wina wa ku Dedza kumene amatsata chikamwini, koma moyo wawo wonse wa m'banja anakhalira m'tauni. Bamboyu ndi mphunzitsi wa pulayimale, pamene mayiyu amagulitsa kaunjika pamsika, ndipo ali ndi ana awiri. Mu 2017 anagula poloti pa K900,000 m'dera lina la kunja kwa mzinda kumene malo amagulitsidwa pamaso pa amfumu, ndipo kalata yogulitsirana inalembedwa m'dzina la bambo yekha. Nyumba ya zipinda zogona zitatu inamangidwa pang'onopang'ono, ndipo banjali linalowamo mu 2020 isanapakidwe pulasitala. Mu April 2023 bamboyu anachoka pakhomo nkukakhala ndi mkazi wina.

Mayiyu anabwera ku ofesi mu June, ndipo chimene chinamubweretsa sichinali kugawa chuma. Amuna awiri anali atafika pakhomo pake nkunena kuti mwamuna wake anakongola katapila wa K300,000 mu December 2022, kuti ndalamayo yafika pa K900,000, ndi kuti akapanda kuilandira adzanyamula filiji ndi wailesi yakanema. Sabata yomweyo mlembi wa gulu lake la banki m'khonde anamukumbutsa kuti K350,000 imene anakongola mu February yakula kufika pafupifupi K500,000, popeza bizinesi inali itagwa ndipo ankalephera ngakhale chiwongoladzanja cha mwezi ndi mwezi. Mayiyu anati: "Abambo a ana akuti nyumba ndi yawo chifukwa pepala lili m'dzina lawo, koma ngongole zawo akuti ndi za tonse." Mlandu wonse unali m'mawu amenewo.

Choyamba chinali kuteteza katundu. Tinalembera mwini katapila kalata yomuuza kuti mayiyu sanasayine pepala lililonse ndi iye, ndiponso kuti kulanda katundu wa munthu chifukwa cha ngongole kumachitika pokhapokha khoti litagamula, kudzera mwa a sherifu. Tinamukumbutsanso kuti nkhaniyo ikapita kukhoti, khoti lili ndi mphamvu younikanso ngongole ya chiwongoladzanja chopyola muyezo. Anthu aja sanabwerenso, ngakhale anapitiriza kusunga khadi la ATM la bamboyu, monga amachitira obwereketsa ambiri otere, nkumatapa malipiro ake akangolowa. Zimenezi zinadzakhudza thandizo la ana.

Kenaka ndinapempha mayiyu kuti abwere ndi pepala lililonse limene linali m'nyumba, ngakhale looneka lopanda ntchito. Anabweretsa jumbo ya malisiti, ambiri ofufutika, ndi mapepala a malipiro a mwamuna wake amene anawasiya m'kabati. Umboni wolemera kwambiri sunali mu jumbomo, unali m'mabuku a gulu la banki m'khonde. Mlembi wa gululo, mayi wachikulire wosamala kwambiri, ankasunga makope a chikuto cholimba a chaka chilichonse kuyambira 2018, ndipo pa ngongole iliyonse ankalemba tsiku, ndalama ndi chimene munthu wabwerekera. Patsamba lina la 2019, moyang'anizana ndi dzina la mayiyu, panalembedwa ndi bolopeni yabuluu kuti "malata 34", ndipo lisiti ya shopu ya zipangizo zomangira, ya patatha masiku awiri, inali ya malata 34 omwewo. Pa ngongole ya February 2023 panalembedwa kuti "simenti ya pansi ndi mawaya a magetsi". Ndalama zimene mayiyu ankatumizira mmisiri zinapezekanso pa sitetimenti yake ya Airtel Money. Anzanga amene mumagwira milandu ya amayi a bizinesi zazing'ono, musamadumphe mabuku a magulu amenewa. Analembedwa nthawi imene panalibe mkangano, ndi munthu wopanda mbali, ndipo ndi ovuta kuwatsutsa kuposa umboni wapakamwa wa m'bale.

Mu August nkhani inatembenuka. Munthu wina anafika ndi ejenti kudzaona nyumba, nanena kuti mwini wake akuigulitsa. Poloti imeneyi sinalembetsedwe ku ofesi ya zamalo, choncho panalibe kaundula wa boma woti nkuikamo chenjezo loletsa kugulitsa monga zimachitikira ndi malo olembetsedwa. Tinathamangira ku Khoti Lalikulu kukatenga chiletso, koma podziwa kuti pepala la khoti lokha silingaimitse wogula amene sanalione, tinalipereka kwa amfumu amene anachitira umboni kugula kwa 2017, pamaso pa ankhoswe a mbali zonse ziwiri. M'madera otere palibe amagula malo osadzera kwa amfumu, ndiye kuwadziwitsa iwo ndi kumene kunatsekadi njira. Nyumbayo ikanagulitsidwa, tikanatsala ndi chigamulo chofuna ndalama kwa munthu amene malipiro ake anali kale m'manja mwa mwini katapila.

Mu September khoti la majisitireti linathetsa ukwatiwo litakhutira kuti wasweka kosatheka kuukonzanso. Linapereka ana m'manja mwa mayi, linalamula bambo kuti azipereka thandizo la mwezi ndi mwezi, ndipo nkhani ya nyumba linaitumiza ku Khoti Lalikulu, ku nthambi yoona za mabanja ndi chuma cha masiye, chifukwa inakhudza umwini wa malo. Apa bamboyu anapeza loya wake, ndipo zimenezi zinathandiza, chifukwa kuyambira pamenepo tinayamba kukambirana ndi mapepala patebulo m'malo mwa mauthenga okalipa a pafoni.

Pa nyumba, loya mnzangayo anatsamira pa chigamulo cha Khoti Lalikulu la Apilo cha mu 2017 pa mlandu wa Sikwese ndi Banda, chimene chinati katundu wogawidwa banja likatha ndi amene awiriwo anali naye limodzi, osati chilichonse chimene mmodzi anapeza ali pabanja, ndi kuti chofunika kuona ndi cholinga chawo komanso zimene aliyense anaikapo. Iye anati kalata ya poloti ndi ngongole yomangira zonse zili m'dzina la bambo. Ine sindinatsutse chigamulocho, chifukwa chinkatithandizanso ife: cholinga cha anthu sichioneka pa dzina lolembedwa pokha, chimaonekanso pa zochita zawo, ndipo munthu sangakongole ndalama za malata ndi simenti ya nyumba imene akudziwa kuti si yake. Gawo 24 la Malamulo Oyendetsera Dziko limapatsa mkazi ufulu wogawiridwa mwachilungamo katundu amene anali naye limodzi ndi mwamuna wake ukwati ukatha, posatengera mtundu wa ukwatiwo. Gawo 74 la lamulo la maukwati la 2015 limalamula khoti kugawa mwachilungamo poganizira zinthu monga zimene aliyense amapeza, zosowa zake, maudindo ake ndi zimene anathandizapo, kuphatikizapo ntchito za pakhomo. Umboni umene unathetsa mkanganowu unachokera kwa nkhoswe wa bamboyu mwiniwake, malume ake, amene anati: "Mphwanga, tsiku limene unagula malo aja unandiimbira foni kuti tagula poloti, sunati ndagula."

Ngongole ndiye zinatitengera nthawi. Bamboyu ankafuna kuti ngongole zake ziwiri, ya kampani yobwereketsa imene imadulidwa kumalipiro ndi katapila uja, zigawidwe pakati chifukwa zinatengedwa banja lilipo, koma ya banki m'khonde ikhale ya mayi yekha chifukwa, m'mawu ake, inali ya bizinesi. Maganizo anga anali akuti ngongole iliyonse ifunsidwe funso limodzi: ndalamayo inapita kuti? Tsiku limene inatengedwa ndi dzina la amene anasayina sizikwanira kuyankha funso limenelo.

Mapepala a malipiro anasonyeza chinthu chimene mayiyu sankachidziwa. Ngongole ya K1,800,000 ya mu 2019, imene inamangadi makoma a nyumba, inali pafupi kutha pofika mu 2022, koma chaka chimenecho ndalama yodulidwa inakwera mwadzidzidzi. Titapempha sitetimenti yonse kudzera mwa loya wake, zinapezeka kuti bamboyu anawonjezera ngongoleyo nkukhala yatsopano ya K2,300,000. Mwa ndalamayi, K600,000 inatseka ngongole yakale ya nyumba, K1,400,000 inagula njinga yamoto ya kabaza, ndipo K300,000 anati inathandiza pa maliro a mayi ake. Njingayo mayiyu anali asanaionepo, ndipo ndalama zimene mnyamata woyendetsa ankapereka tsiku ndi tsiku sizinkafika pakhomo pake. Kutha kwa banjali kunayamba kuonekera pa pepala la malipiro miyezi yambiri bamboyu asanachoke.

Tinaiduladula ngongoleyo m'zigawo zake. K600,000 inali ya nyumba, choncho ya banja. Pa K300,000 ya maliro panalibe lisiti, koma ndinalangiza mayiyu kuti aivomere, popeza malirowo anachitikadi, iye mwini anakaphika nawo, ndipo kuika kholo m'manda ndi udindo umene banja lililonse kuno limausenza limodzi. Kukana ndalama imeneyo kukanamuonetsa wouma mtima pamaso pa ankhoswe amene tinkawafuna kwambiri pa nkhani zikuluzikulu. Motero gawo la banja linali K900,000 mwa K2,300,000, ndipo pa K1,700,000 imene inatsala pamene awiriwa ankasiyana, mbali ya banja inali pafupifupi K665,000. Pa njinga panali njira ziwiri: kuitenga ngati katundu wa banja nkusenza nawo ngongole yake, kapena kumusiyira bamboyu pamodzi ndi ngongoleyo. Tinasankha yachiwiri, chifukwa njinga ya kabaza imene yayenda chaka ndi theka m'misewu ya fumbi mtengo wake unali utatsika pamene ngongole yake inali ikadali yaikulu, ndiponso mayiyu analibe njira yoyang'anira ndalama za chinthu chimene sichinali m'manja mwake.

Za katapila sizinachedwe. Bamboyu analephera kusonyeza kuti ngakhale kwacha imodzi inalowa pakhomo, ndipo ngongoleyo inakhala yake. Ya banki m'khonde, buku la gulu linasonyeza simenti ndi mawaya, ndipo loya wake anavomera kuti ndi ya banja.

Chimene chinatiphunzitsa kwambiri chinachitika mu November ndi December. Magulu a banki m'khonde amagawana masheya kumapeto kwa chaka, ndipo amene ali ndi ngongole amadulidwa pa masheya ake. Pofuna kupewa zimenezi, ankhoswe a mbali zonse anagwirizana, mlandu wa kukhoti ukadali m'kati, kuti bamboyu apereke theka la ngongoleyo kwa msungichuma wa gulu tsiku logawana lisanafike. Analonjeza, ndipo ndikukhulupirira kuti ankafunadi kutero, koma malipiro ake ankadulidwa ndi kampani ija asanalowe ku banki, ndipo otsalawo ankatapidwa ndi mwini katapila. Tsiku logawana litafika gulu linadula K560,000 pa masheya a mayiyu, ndipo ndalama imene ankayembekezera kugulira mabelo a nyengo ya Khirisimasi inathera pomwepo. Gululo silinalakwe. Linabwereketsa mayiyu, ndipo mgwirizano wa ankhoswe, ngakhalenso chigamulo cha khoti chogawa ngongole pakati pa mwamuna ndi mkazi, sichisintha pangano la wobwereketsa ndi amene anasayina. Kampani ija nayo ikanapitiriza kudula bamboyu ngakhale khoti likanalamula kuti mayiyu azibweza theka.

Chifukwa cha zimenezi tinasintha kalembedwe ka mgwirizano womaliza. M'malo molemba kuti aliyense azibweza theka la ngongole ya mnzake mwezi ndi mwezi, tinawerengera zonse pamodzi. Bamboyu anayenera kubwezera mayiyu K280,000, theka la zimene gulu linadula, ndipo mayiyu anayenera kusenza K332,500, theka la gawo la banja pa ngongole ya kumalipiro. Kusiyana kwake kunali K52,500, imene mayiyu anapereka tsiku losayina. Aliyense anatsala ndi ngongole imene anasayina yekha, ndipo palibe amene mtendere wake unadalira kukhulupirika kwa mnzake kwa munthu wachitatu. Pamene ngongole za mbali ziwiri sizikuyandikana chonchi, kusiyanako kuchotsedwe pa gawo la munthu pa nyumba kapena katundu wina wooneka, kusiyana ndi kulemba lonjezo la malipiro a m'tsogolo kwa munthu amene pepala lake la malipiro likusonyeza kale kuti sangakwanitse.

Panalinso nkhani ya mwambo. Pa chikamwini mwamuna ali ndi udindo womangira mkazi nyumba kwawo, ndipo makhoti amalamula kuti udindowu ukwaniritsidwe ngakhale ukwati utatha. Bamboyu anali asanamange kalikonse ku Dedza, ndipo malume a mayiyu ankafuna kuti nkhaniyo ikhale patsogolo. Ndinakambirana ndi mayiyu payekha, ndipo zinaonekeratu kuti analibe maganizo obwerera kumudzi: msika wake uli m'tauni, ana akuphunzira m'tauni. Chigamulo choti bamboyu amange nyumba chikanakhala pepala lina lovuta kulitsata. Choncho tinapempha kuti ufuluwo ausinthanitse ndi gawo lokulirapo pa nyumba ya ku Lilongwe, ndipo tinagwirizana kuti mayi atenge magawo 60 pa 100, bambo 40. Ufulu umenewu ndi wa mkazi, si wa abale ake, koma kuusiya popanda kuwafotokozera ankhoswe kukanabweretsa chidani chimene ana akanakula nacho, ndiye tinakhala nawo pansi mpaka anamvetsa ndi kuchitira umboni.

Mtengo wa nyumba unabweretsa mkangano wina. Katswiri woyesa mitengo ya nyumba anaiika pa K16,000,000 mu October 2023, ndipo mwezi wotsatira kwacha inagwa ndi 44 peresenti, mitengo ya simenti ndi malata nkukwera nthawi yomweyo. Popeza mayiyu ndi amene ankafuna kudzagula gawo la mwamuna wake pang'onopang'ono, kulemba K6,400,000 yosasintha kukanamukomera iye, chifukwa ndalamayo ikanamka nichepa mphamvu. Loya wa bamboyu anakana, ndipo anali ndi mfundo. Tinavomera kuti gawo lake lilembedwe ngati magawo 40 pa 100 a mtengo wa nthawi yolipira, koma tinaumirira kuti kuyesako kuzikhala kwa nyumba monga inalili pa tsiku la mgwirizano, kuti chilichonse chimene mayiyu adzawonjezerepo ndi ndalama zake chisadzakweze gawo la munthu amene sanaikepo kanthu. Kuti pasadzakhale kukangana, zithunzi za nyumba yonse, kunja ndi m'kati, zinalumikizidwa ku mgwirizanowo. Tinalembanso kuti mayi ndi ana azikhala m'nyumbamo, kuti isagulitsidwe kapena kuikidwa chikole popanda siginecha za onse awiri, ndi kuti ngati mwana wamng'ono adzafike zaka 18 mayiyu asanamalize kugula gawo la bambo, nyumbayo idzagulitsidwe nkugawana molingana ndi magawo a nthawi imeneyo.

Ena angafunse chifukwa chimene sitinapitirize mlandu mpaka woweruza agamule, pamene umboni wathu unali wolimba. Mwina tikanapeza gawo lokulirapo pang'ono. Koma mwezi uliwonse wodikira unkatanthauza chiwongoladzanja china pa katapila, thandizo la ana losafika, ndi bizinesi ya mayiyu yopanda mpamba, ndiponso chigamulo cha khoti sichikanalowa m'tizinthu ting'onoting'ono monga zithunzi za nyumba ndi kulembanso kalata ya kwa amfumu. Mgwirizanowo tinaupereka ku Khoti Lalikulu, ndipo mu February 2024 unavomerezedwa ngati chigamulo cha khoti, kuti wina akauphwanya pakhale pogwira.

Miyezi yoyamba thandizo la ana linkabwera modumphadumpha. Chapakati pa 2024 bamboyu anagulitsa njinga ija, nakambirana ndi mwini katapila mothandizidwa ndi loya wake mpaka anagwirizana ndalama yocheperapo, ndipo atawombola khadi lake la ATM thandizolo linayamba kufika mwezi uliwonse. Mayiyu anabwerera m'gulu lake la banki m'khonde, ndipo ndi ngongole zing'onozing'ono anamanga chipinda chimodzi cha lendi kuseri kwa nyumba, chimene malinga ndi mgwirizano sichiwerengedwa pa gawo la bambo. Mu 2025 nyumbayo inayesedwanso mtengo, awiriwo atagawana malipiro a katswiri, ndipo mayiyu anagula magawo 10 mwa 40 a mwamuna wake wakale. Kalata ya kwa amfumu inalembedwanso pamaso pa ankhoswe, ndipo tsopano ili ndi mayina awiri, mayi magawo 70 ndi bambo magawo 30. Ngongole ya kumalipiro ikudulidwabe kwa bamboyu yekha monga tinagwirizana, ndipo mayiyu sanalandirenso mlendo aliyense wodzaitanitsa ngongole imene sanasayine.